Manda a pa Phiri la Chalumbe

Meseji ya Yunesi inandipeza ndikusema goli kuseri kwa khola.

"AMbewe, Loweruka ndikufuna kukwera Chalumbe, ndikaone pamene anagona amayi. Mwa amene ankadziwa njira mwatsala nokha. Mubwera?"

Ndinayankha kuti, "Ndibwera."

Posakhalitsa inalowa ina. "Basi? Liwu limodzi lokha? Enawo mukusungira ndani?"

Ndinaika foni m'thumba n'kupitiriza kusema.

Yunesi ndinakula naye mudzi umodzi, kupitirira Vubwi, m'tsinde mwa phiri la Chalumbe. Nkhondo ya ku Mozambique itasefukira kwathu, mudzi wonse unathawira m'phirimo, ndipo tinakhala m'mapanga dzinja lathunthu. Amayi ake anamwalira komweko ndi malungo. Kutsika ndi maliro kunali kosatheka, choncho tinawaika pamwamba pomwepo. Ine ndinali mnyamata, koma ndinakumba nawo. Zinthu zitazizira, Yunesi anatengedwa ndi amalume ake kupita ku Kabwe, ife tinasamukira ku Katete. Ndinakwatira Nelia, n'kulowa chikamwini kwawo kufupi ndi Mkaika. Tinakhala bwino. Nelia anamwalira zaka zitatu zapitazo.

Yunesi ndinamuonanso chaka chatha pa mwambo wa Kulamba, akugulitsa zitenje. Imvi zinali zitayamba, koma kasekedwe kanali komwe kaja, kopendeketsa mutu. Banja lake linatha, anabwerera ku Vubwi kwa mlongo wake. Kuyambira tsikulo foni yanga, imene inkangolira nkhani za feteleza, inayamba kulira zina.

Chotchinga chinali chimodzi. Akuchikazi anali asanandisudzule. Mwamuna wofedwa amakhalabe wa mudzi wa mkazi wake mpaka abale a malemu atafulula mowa n'kumuuza pagulu kuti wamasuka. Asanatero, sangatume ankhoswe kwina. Mlongo wa Yunesi ananenetsa kuti munthu wosasudzulidwa asaponde pakhomo pake ndi nkhani ya banja.

* * *

Jacob, mlongo wa Nelia, ndiye mwini mbumba. Anandipeza Lachinayi ndikunola chikwanje.

"Alamu, chikwanje chanji chino chisanu? Mwayamba kale kuswa mphanje?"

"Ndikupita ku Vubwi."

"Kukatani?"

"Kuphiri."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kuphiri! Anzanu akutsika m'mapiri kufuna tauni, inu ndi imvi zanuzo mukukwera." Anakoka chitsa n'kukhala. "Mverani. Chimera chanyikidwa. Amayi aakulu a ku Sinda avomera kubwera. Kulamba isanafike tikhala titakumasulani, ngakhale ine sindikuona chothamangira. Munda ulipo, ng'ombe zilipo. Takusungani moipa?"

"Ayi."

"Koma mpaka tsikulo ndinu mwamuna wa Nelia. Tisamve kanthu. Amayi aakulu aja mukuwadziwa, khutu lawo limafika mpaka ku Chadiza."

Ndinayesa chikwanje ndi chala.

"Mwamva, alamu?"

"Ndamva."

* * *

Ndinagona kwa msuweni wanga ku Vubwi. Loweruka kutacha ndinadikira pamsika, mashopu asanatsegule. Yunesi anafika atavala matenesi, chitenje atamanga pamwamba pa buluku, m'manja muli kakhasu. Kumbuyo kwake kunali njinga yamoto ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo woyendetsa anali Amos.

Dzina lake ndinkalidziwa kuchokera m'mameseji. Amagula soya ndi nshawa m'midzi ya m'malire, ali ndi shopu ndi nyumba ya malata ofiira. Mkazi wake anachoka. Nayenso ankafuna Yunesi, ndipo iyeyo palibe chinkamutchinga.

"Sindinawaitane ine," anatero Yunesi motsitsa mawu. "Achimwene akuti sindingalowe m'thengo ndekha ndi mwamuna."

Amos anazimitsa njinga n'kundiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato zanga za matayala.

"Awa ndiwo otitsogolera? Mdala, mawondo alipo koma?"

"Alipo."

"Mwadya?"

"Ndadya."

"AYunesi, munthuyu amalankhula, kapena mpaka timuthire petulo?"

"Musiyeni," anatero Yunesi. "Inu mumalankhulira anthu atatu, ndiye zakwanira."

Tinakwera atatu. Amos anaonetsetsa kuti Yunesi wakhala pakati, wamugwira iye m'chiuno. Ine ndinakhala pachitsulo cha katundu, kakhasu ka Yunesi ndi chikwanje changa zili pamiyendo. Pa dzenje lililonse ankafuula kuti, "Mdala akadalipo kumbuyoko?" Yunesi ankatembenuka n'kundiona, maso akuseka.

Msewu unasanduka njira ya ngolo, njira ya ngolo inasanduka mkwaso wa mbuzi, kenako unathera m'tsekera. Pamenepo ndiye panali mudzi wathu. Nyumba panalibe ngakhale imodzi. Kunatsala mitengo ya mango yokha, itaima m'magulumagulu monga mmene mabanja ankakhalira.

Yunesi anatsika. Anapita pa mtengo wina wopindika n'kuikapo dzanja.

"Uwu ndi wathu. Wanu ndi uwo, wa mango wowawasa. Amayi anu ankatithamangitsa ndi chipande, ngati kuti tinkaba zabwino."

"Munkabwerabe."

"Eya, tinkabwerabe. Mukuganiza kuti tinkadzera mango?"

Amos anatsokomola. "Tiyeni, anthuni. Dzuwa silidikira mbiri yakale."

* * *

Chalumbe sichikwereka kutsogolo. Umazungulira kumpoto, n'kulowa m'khwawa la miyala ikuluikulu, n'kumadumpha mwala ndi mwala ngati mbira. Kale njira inalipo, yopondedwa ndi mudzi wonse. Tsopano ndinkaitsegula ndi chikwanje. Tsekera anatipitirira mitu, nsungwi zinagwa mopingasa, ndipo m'malo ena tinkakwawa chifukwa cha chitedze cholendewera pamwamba.

Ndisamunamizire Amos, anayenda. Analanda thumba la Yunesi n'kulisenza pamodzi ndi lake. Anatipatsa mabanzi ndi zakumwa za m'mabotolo. Anyani atatibwebwetera pathanthwe, anawayankha m'chilankhulo chawo mpaka Yunesi anakhala pansi ndi kuseka. Ndinaona mmene ankasekeramo. Ine zotere sindizitha.

Khwawa linathera pa thanthwe losalala, lopendekeka, lalitali kuposa tchalitchi. Pakati pake pali mng'alu umodzi wongokwana phazi. Kumanzere kuli phompho, ndipo pansi pake mitengo imaoneka ngati therere. Kale amayi ankadutsa pamenepo ndi ana kumbuyo, mitsuko ili pamutu. Mantha a mfuti ankaposa mantha a phompho.

Amos anafika m'mphepete, anasuzumira, n'kubwerera chafutambuyo. Anakhala pansi.

"Ayi. Ine ndili ndi ana. Apa sindikwera."

"Ingoyang'anani mwala, osati pansi," anatero Yunesi.

"Ndati ayi. Inunso simukwera. Tafika, mwaliona phiri, tiyeni tibwerere. Pempherani pompano, Mulungu amva. Manda si munthu, aYunesi."

Yunesi anamuyang'ana. Kenako anamasula chitenje, anachikulunga m'chiuno ngati lamba, n'kutenga thumba lake pamapewa a Amos.

"AMbewe, tsogolani."

"Mukapitirira awiri," anafuula Amos, "ndikawauza chiyani achimwene anu?"

"Mukawauze kuti munatopa."

* * *

Tinakwera chokwawa, ine patsogolo. Pamene mng'alu unachepa ndinamupatsa mpini wa kakhasu kaja kuti agwire, n'kumukoka. Titafika pamwamba anagona chagada pa mwala, akupuma movutika, zikhatho zitasupuka.

"Tinkadutsa apa tsiku ndi tsiku? Tinali amisala."

"Tinali ana."

Kupitirira thanthwelo ndinasochera. Ndinkadalira mlombwa waukulu umene unkaima pa mphambano, koma moto wa zaka zonsezi unaudya. Ndinalowera kumanja, tinakathera pa phompho lina. Ndinabwerera, ndinayesa kumtunda, tinapezeka m'minga. Yunesi sanadandaule. Anangoti, "Amene mwatsala nokha odziwa njira ndinu amenewa?"

"Mtengo wapsa."

"Khalani chete kaye. Aa, pepani, ndaiwala kuti inu muli chete kale."

Anatseka maso n'kutchera khutu. Kenako analoza kumunsi, kumene kunali mitengo yobiriwira pakati pa youma.

"Kasupe ali uko. Tikapeza kasupe, phanga ndilipeza ndi maso otseka."

Analondola. Madzi ankatuluka pansi pa mwala womwe uja, ozizira mpaka mano kuwawa. Tinamwa ndi manja. Ndinatulutsa mbatata yootcha, tinagawana.

"Mukukumbuka?" anatero. "Ndinkabwera kudzatunga ndi chipanda chachikulu chija. Inu munkangotulukira m'tchire, kundilanda, kusenza mpaka kuphanga, kutula, n'kumapita. Dzinja lonse. Osati moni, osati tsalani bwino. Ndinafunsa amayi ngati mwana wa aNaphiri ali ndi lilime."

"Anati chiyani?"

"Anati amene amasenza osalankhula ndiye woopsa." Anaseka, kenako anasiya. "Tsiku limene amalume anabwera kudzanditenga ndinakudikirani pamsewu. Simunabwere."

"Ndinabwera. Ndinali kuseri kwa nkhokwe."

"Kuseri kwa nkhokwe! Zaka zonsezi ndimakuyesani munthu wouma mtima, chikhalirecho munali kuseri kwa nkhokwe."

Anasenda mbatata yake pang'onopang'ono.

"ANelia anali munthu wotani?"

"Wabwino. Ankaimba polima. Nyimbo za kwaya, koma mawu ankaikamo ake."

"Mumawasowa."

"Eya."

"Ndi bwino. Mwamuna wosasowa mkazi wake sindingamufune." Anataya makoko m'madzi n'kuwayang'ana akupita. "AMbewe, Amos wabwera kawiri kwa achimwene. Achimwene akuti mvula yoyamba ikagwa ndiyankhe, sangasunge mlongo wamkulu ngati ine pakhomo mpaka kalekale. Ine sindine mtsikana. Kudikira ndinadikira kale."

"Chimera chanyikidwa."

"Chimera! Mkazi akukufunsani za mtima, inu mukuyankha za chimera?"

"Akandimasula, m'mawa mwake ankhoswe ali kwanu."

Anandiyang'ana, mutu atapendeketsa.

"Onani. Mawu asanu ndi limodzi. Lero kugwa mvula."

* * *

Phanga linali momwe tinalisiyira, kungoti linachepa. Denga likadali lakuda ndi mwaye. Mafuwa a banja lililonse anali m'malo mwake, atatuatatu, ndipo mapale anali mbwee pansi, osakanikirana ndi ndowe za mbira. Yunesi anayenda molunjika mpaka pakona ya kumanzere.

"Tinkagona apa. Amayi kukhoma, ine pakati, achimwene kunja. Usiku amayi ankatiphimba pakamwa tikafuna kutsokomola."

Anatola phale limodzi, analipukuta ndi chala, n'kulibwezera pomwe linali.

Manda anali kuseri kwa phanga, pansi pa msuku. Tinaunjikapo miyala nthawi ija poopa afisi. Msukuwo unali utakula, ndipo miyala inali itamira m'udzu ndi zitsamba. Ndinapeza mwala wa kumutu, wautali, umene ndinanyamula ndekha kuchokera kukasupe.

"Ndi apa."

Yunesi anagwada.

"Amayi, ndine Yunesi. Ndachedwa." Anaika dzanja pa mwalawo. "Ku Kabwe ndinapita, ndinabwerako. Ana ndili nawo atatu, wamkulu ndinamutcha dzina lanu. Achimwene ali bwino, koma mwendo ukuwavuta, n'chifukwa sanabwere. Awa ndabwera nawowa ndi Fackson, mwana wa aNaphiri, uja ankatisenzera madzi."

Anatenga kakhasu n'kuyamba kulambula.

Ine ndinaima patali, chipewa chili m'manja. Manda amalambula eni mbumba ndi akamwini awo. Mlendo amaperekeza, n'kuima poteropo. Pa nthawi ya nkhondo tinakumba aliyense chifukwa panalibe wosankha, koma tsopano si nkhondo. Manda amene ine ndimayenera kugwirapo khasu ali ku Mkaika.

Nthaka inali youma gwa. Mizu ya zitsamba inalowa pakati pa miyala. Yunesi ankatema, khasu n'kumadumpha. Zikhatho zake zosupuka zija zinayamba kutuluka magazi, mpini unafiira. Anapukuta pa buluku n'kupitiriza. Sanandipemphe. Sananditembenukire n'komwe.

Ndinaika chipewa pansi. Ndinapita n'kugwira mpini.

Sanausiye msanga. "AMbewe, mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikudziwa."

Anausiya.

Ndinagwada n'kulambula manda onse. Ndinazula mizu, ndinadula nthambi za msuku zimene zinagwera pamwamba, ndinabwezera miyala yogumuka. Mwala wa kumutu ndinauimika bwino. Yunesi anakhala pambali, akuimba motsitsa nyimbo imene amayi ake ankakonda posinja. Mawu ena anali ataiwala, ankangong'ung'udza.

* * *

"Tafika pano, tikafike pansonga," anatero titamaliza. "Nthawi ija ankatiletsa, ankati asilikali atiwona."

Nsonga ya Chalumbe ndi mwala umodzi wopanda mtengo. Mphepo yake imakankha munthu. Tinakhala pansi moyandikana kuti tisagwe. Kumwera kunali mapiri a Mozambique, obiriwira mofiirira ndi utsi wa lupsa. Kum'mawa, Malawi. Kumbuyo kwathu malata a ku Vubwi ankanyezimira ngati mchere wotayika. Pansi penipeni tinaona mango a mudzi wathu, kadontho kobiriwira m'tchire lofiira.

"Kuchepa konseku," anatero Yunesi. "Ine ndinkayesa dziko lonse."

Foni yake inayamba kulira m'thumba. Pansi ponse panalibe netiweki, koma pansonga inagwira.

"Taonani," anatero, akundipatsa.

Sindinadziwe kuti anajambula. Pachithunzipo panali manda oyera, msuku, ndi ine nditagwada, khasu lili m'manja, chipewa chili pansi. Nkhope inkaoneka bwinobwino.

"Ndaika pa sitetasi, poonera aliyense amene ali ndi nambala yanga, a ku Kabwe aone, ana anga aone pamene agona agogo awo. Ndalemba kuti, Amayi tawapeza." Misozi inkatsika, koma ankaseka. "Zaka zonsezi ndinkalota malo ano ali tchire. Lero ndigona."

Ndinadziwa pomwepo kumene chithunzicho chingafike. Mawu anali pakamwa: chotsani. Ndinamuyang'ana nkhope, mphepo ikumuulutsira duku, akupukuta misozi ndi dzanja lamagazi. Ndinamubwezera foni.

"Chaoneka bwino," ndinatero.

Titatsika tinapeza Amos palibe pathanthwe paja. Pa mango panatsala mkwaso wa matayala wokha. Tinayenda wapansi mpaka tinakumana ndi ngolo ya thonje imene inatitenga. Yunesi anagona tulo atatsamira phewa langa.

* * *

Ndinafika kumudzi Lamulungu masana. Ndili patali ndinaona utsi ukutuluka m'khitchini ya Nelia. Chimwalirireni mwini wake, munali musanayake moto. Ine ndimaphikira panja.

Jacob anali pakhonde langa, atakhala pa mpando wanga. Sanandipatse moni. Anatulutsa foni n'kuitembenuzira kwa ine.

"Awa ndi ndani, alamu?"

"Ndine."

"Manda awa ndi a ndani?"

"A mayi wa kwathu."

"Mayi wa kwanu. Mayi wa uja wa zitenje, amene mumamulembera mameseji kuseri kwa khola. Mumayesa sitiona?" Anaika foni pa bondo. "Chatumizidwa ndi Amos, amene amatigula soya. Akuti, onani mkamwini wanu wapeza apongozi atsopano. Dzulo lomwelo chinali chitafika ku Sinda. Mudzi wonse wachiona, mpaka ana a sukulu."

Ndinatula thumba pansi.

"Manda a Nelia mwalambula liti chaka chino?"

"Isitala."

"Isitala. Koma a eni ake mwakwerera phiri, mwagwada, mwavula chipewa. Tisanakumasuleni. Ndinakuuzani chiyani Lachinayi?"

"Manja ake anali magazi."

"Ndiye munalibe nsalu yomumanga? Munasowa chochita china kupatula kugwira khasu?" Anapukusa mutu. "Ine ndikanatha kutseka maso, alamu. Zaka zonsezi simunandilakwirepo. Koma amayi aakulu akuti munthu amene wadzimasula yekha, iwo alibe chomumasulira. Mowa kulibe. Akuti mwana wawo wanyozedwa ali m'manda, ndiye nyumba yake idzuke, anthu aone kuti ili ndi eni."

"Idzuke bwanji?"

Jacob anayang'ana kukhitchini.

Munatuluka Veronica, mng'ono wake wa Nelia. Ndinamupeza ali kamtsikana pamene ndinkalowa m'mudzimu, ndipo njinga anaphunzirira pa yanga. Anakwatiwa ku Sinda, banja linatha chaka chatha, wakhala kwa amayi aakulu ndi ana ake awiri. Pa chingwe cha kuseri ndinaona zovala za ana zitayanikidwa.

"Mwambo mukuudziwa," anatero Jacob akuimirira. "Mkulu akapita, mng'ono amalowa m'malo mwake, ngati mbumba yafuna."

"Sindinavomere."

"Simunakanenso. Inu mumakana liti? Mumangoti ndamva." Anatenga chipewa chake. "Amayi aakulu abwera Loweruka. Mukakane pamaso pawo, ngati pakamwa patseguke."

Anapita.

Veronica anabwera ndi beseni la madzi, anagwada, analiika patsogolo panga. Maso anali pansi. Akawerama chotero amafanana ndi mkulu wake, makamaka pachipumi.

"Mwayenda bwanji, alamu?"

"Bwino."

"Sambani m'manja. Mwachokera kumanda."

Ndinasamba. Madzi anali ofunda. Ndinadikira mpaka Jacob atakhota kuseri kwa khola.

"Veronica, usaope. Ndikudziwa kuti akukakamiza. Loweruka ndikawauza kuti iwe sukufuna, ine sindikufuna, nkhani ithere pomwepo. Ubwerera ku Sinda."

Anatenga beseni n'kuthira madzi pa duwa limene Nelia anabzala pakhonde. Kenako anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso.

"Palibe wandikakamiza, alamu. Ndinapempha ndine."